KAKONZEDWE KA CHAKUMWA CHA MALALANJE NDI MANDIMU CHOCHITA THOVU

Mlendo akafika pakhomo salandiridwa ndi moni wokha. Amayalidwira mphasa kapena kupatsidwa mpando, kenaka amapatsidwa chakumwa, ndipo nkhani zimabwera pambuyo. Mwambo umenewu umaonekera kwambiri pa masiku amene anthu amasonkhana dzuwa litakwera, nthawi ya kadzutsa itapitirira koma ya nsima ya masana isanakwane: Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi, pa tsiku la ubatizo wa mwana, pa zokambirana za chinkhoswe, kapena pamene amayi a bungwe la m'mudzi akumana. Pa nthawi yotere pamakhala mbatata yophika, chinangwa, zitumbuwa, chigumu kapena mandasi, ndipo zakudya zonsezi zimafuna chotsitsira kukhosi.

Apa mpamene eni khomo ambiri amasowa chochita. Zakumwa za m'mabotolo n'zodula pogulira anthu ochuluka. Mowa suyenera kwa ana, kwa amayi oyembekezera, kwa odwala ndiponso kwa amene akuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto pobwerera kwawo. Komabe m'nyengo yachisanu malalanje ndi manachesi amachuluka m'misika, makamaka ochokera ku Mwanza, ndipo m'makomo ambiri mandimu amangogwa pansi n'kuwola. Phunziro la mwezi uno likufotokoza m'mene zipatso zimenezi zingasandukire chakumwa chokoma, chochita thovu ndiponso chopanda mowa. Likufotokozanso chinthu chimene chimaposa kukoma: pa magawo 5 a chakumwachi, magawo 4 ndi madzi, ndipo ndowa imodzi imamwetsa anthu ambiri. Madziwo akakhala oipa, onse amene anabwera kudzasangalala angathe kukakumananso kuchipatala.

UBWINO WA ZIPATSO ZIMENEZI

Malalanje, manachesi ndi mandimu ali ndi vitamini C. Thupi la munthu silitha kupanga lokha vitamini ameneyu, ndiponso silimusunga kwa nthawi yaitali, choncho amayenera kupezeka m'zakudya kawirikawiri. Vitaminiyu amathandiza kuti zilonda zipole msanga ndi kuti nkhama zikhale zolimba. Akasowa m'thupi kwa miyezi ingapo, munthu amafooka, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, ndipo mano amagwedera. Matenda amenewa amatchedwa scurvy, ndipo kale anapha amalinyero ambiri amene ankakhala panyanja miyezi yambiri osadya zipatso kapena ndiwo zamasamba.

M'chaka cha 1747 dokotala wina wa ku Scotland, James Lind, ali m'sitima ya pamadzi yotchedwa Salisbury, anatenga amalinyero 12 odwala matendawa n'kuwagawa awiriawiri. Gulu lililonse analipatsa mankhwala akeake. Anthu awiri amene ankalandira malalanje 2 ndi ndimu 1 tsiku lililonse ndiwo anachira msanga kuposa anzawo onse. Pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa za mavitamini, koma mphamvu ya zipatsozi inaonekera poyera.

Malinga ndi mabungwe a WHO ndi FAO, munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 45 a vitamini C patsiku, mayi woyembekezera 55, ndipo mayi woyamwitsa 70. Lalanje limodzi losakula kwambiri lili ndi mamiligalamu pafupifupi 70. Motero kudya chipatso chathunthu kumaposa kumwa madzi ake osungunula, pakuti m'kapu ya chakumwa mumalowa gawo chabe la chipatsocho. Ngakhale zili choncho, kapu ya chakumwa cha zipatso zenizeni ili ndi phindu limene zakumwa zongopaka mtundu ndi fungo zilibe.

Phindu lina ndi ili: vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi masamba ena. Ayironi ndiye amafunika popanga magazi. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachita zosiyana, pakuti amachepetsa ayironi amene thupi likanatenga. Mayi amene anauzidwa ku sikelo kuti magazi ake ndi ochepa angachite bwino kutsitsira chakudya chake ndi chakumwa cha malalanje, tiyi n'kumwa nthawi ina, osasiya kumwa mapiritsi amene anapatsidwa kuchipatala.

THOVU SI MOWA

Anthu ena akaona chakumwa chikuchita thovu amachikayikira, poganiza kuti chayamba kusasa ngati mowa. Kukayika kumeneku n'komveka, chifukwa mowa ukamapsa umatulutsadi thovu. Thovulo ndi mpweya wotchedwa carbon dioxide, womwewo umene munthu amatulutsa akamapuma. Mpweyawo pawokha suledzeretsa. M'chaka cha 1767 Joseph Priestley, amene ankakhala pafupi ndi nyumba yofululiramo mowa mumzinda wa Leeds ku England, anapeza njira yolowetsera mpweya umenewu m'madzi akumwa. Madziwo ankathetheka pa lilime koma analibe mowa. Zakumwa zonse zathovu za m'mabotolo zinachokera pa nzeru imeneyi.

Pakhomo mpweyawu umapangidwa mosavuta. Mandimu amawawasa chifukwa ali ndi asidi. Asidiyo akakumana ndi soda wophikira, yemwe uja amayi amathira m'therere kapena m'chigumu, nthawi yomweyo pamatuluka mpweya wa carbon dioxide. Palibe kudikira masiku ndipo palibe mowa umene umapangika.

Njira yothira yisiti m'madzi a shuga n'kutsekera m'mabotolo kwa masiku angapo ndi yosiyana ndi imeneyi. Yisiti imadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri, mpweya ndi mowa. Mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa amadziwa kuti thobwa likagonera masiku limasasa n'kuyamba kuledzeretsa. Chakumwa cha zipatso chothira yisiti chimateronso, ndipo mpweya ukachuluka botolo lagalasi limatha kuphulika n'kuvulaza munthu. Choncho njira ya yisiti siyenera pa chakumwa chimene ana adzamwe.

MADZI NDIWO MUTU WA NKHANI

Matenda a kolera, taifodi, kamwazi ndi kutsekula m'mimba amafala pamene tizilombo tochokera m'chimbudzi cha munthu wodwala talowa m'madzi kapena m'chakudya. Tizilomboti sitioneka ndi maso, ndipo madzi ooneka oyera angathe kukhala nato. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi m'mwezi wa Malichi chaka cha 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Malo amene anthu ambiri amadyera ndi kumwera pamodzi ndi amodzi mwa malo amene matenda otere amafala mofulumira.

Ena amakhulupirira kuti kuwawasa kwa ndimu kumapha tizilombo tonse. N'zoona kuti tizilombo tina sitikhala bwino m'zinthu zowawasa, koma madzi a ndimu akasungunulidwa ndi madzi ambiri, kenaka n'kuthiridwa soda, mphamvu yake imachepa kwambiri. Ndimu sangalowe m'malo mwa moto kapena mankhwala oyeretsera madzi.

Njira zodalirika zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kuwiritsa. Madzi ayenera kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka avundikiridwe n'kusiyidwa kuti azizire mumphika womwewo. N'kwanzeru kuwiritsa madzulo a tsiku loti mawa lake alendo afika, kuti m'mawa apezeke atazizira. Njira yachiwiri ndiyo kuthira klorini, potsata muyeso umene mlangizi wa zaumoyo wanena kapena umene walembedwa pa botolo, ndipo padutse mphindi 30 madziwo asanagwiritsidwe ntchito. Madzi akakhala amatope ayambe adikha, asefedwe ndi nsalu yoyera, kenaka awiritsidwe kapena kuthiridwa klorini. Ngakhale madzi a pa mjigo, amene amatuluka pansi ali abwino, amatha kuipa panjira chifukwa cha ndowa yosatsuka, zala zoviika m'madzi posenza, kapena masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike.

Madzi ozizira amasunga thovu nthawi yaitali kuposa ofunda. Kumene kulibe firiji, madzi owiritsa angathe kusungidwa mumtsuko wotsuka bwino ndi wovundikira, kapena m'chigubu chokutidwa ndi nsalu yonyowa n'kuikidwa pamthunzi pamene pakupita mphepo. Ayezi wosadziwika kumene wachokera asathiridwe m'chakumwa, pakuti kuzizira sikupha tizilombo.

ZIWIYA NDI MANJA

Chakumwa chowawasa sichiyenera kuikidwa m'ndowa ya malata. Ndowa zoterezi zimakutidwa ndi zinki, ndipo asidi wa mandimu amasungunula zinkiyo. Anthu akamwa amayamba nseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba pasanapite nthawi. Ziwiya zoyenera ndi zagalasi, zapulasitiki zopangidwira zakudya, kapena zachitsulo chosachita dzimbiri. Chigubu kapena botolo limene munali mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, palafini, mafuta a galimoto kapena feteleza lisagwiritsidwe ntchito ngakhale litatsukidwa kangati.

Wokonza chakumwa asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othira, monga a pa mpondagiya, asanagwire chipatso, ndiponso nthawi iliyonse akachokera kuchimbudzi kapena akasintha mwana thewera. Zikhadabo zikhale zowenga. Munthu amene akutsekula m'mimba, amene akusanza, kapena amene ali ndi chilonda cha mafinya kudzanja, apumule pa ntchitoyi ngakhale atakhala mwini khomo. Mpeni, sefa ndi thabwa lodulira zitsukidwe ndi sopo, makamaka ngati zinakhudza nyama kapena nsomba yaiwisi.

ZOFUNIKA PA CHAKUMWA CHA ANTHU 20

Madzi owiritsa ndi ozizira, malita 4.
Malalanje 12, kapena manachesi 20.
Mandimu 8.
Shuga, masipuni aakulu 10.
Soda wophikira, masipuni aang'ono 2 ndi theka osasefukira.
Kachidutswa ka jinja, kwa okonda fungo lake.

Zimenezi zimatulutsa malita pafupifupi 5, ndiye kuti makapu 20 a mamililita 250.

Pogula soda pafunika kusamala kwakukulu. Soda woyenera ndi wophikira yekha, amene pa paketi yake palembedwa kuti bicarbonate of soda. Palinso soda wina wopangira sopo, wotchedwa caustic soda, amene nayenso ndi woyera. Ameneyu ndi poizoni ndipo amawotcha m'kamwa, kukhosi ndi m'mimba. Ufa woyera uliwonse wopezeka m'pepala losalembedwa dzina usayerekezedwe kuthiridwa m'chakumwa. Munthu akameza soda wopangira sopo mwangozi asakakamizidwe kusanza, koma athamangitsidwe kuchipatala. Chidulo nacho n'cha ndiwo, sichiyenera pa ntchito imeneyi.

KAKONZEDWE

Choyamba, wokonza atape makapu 2 pa madzi aja, awatenthetse, n'kusungunuliramo shuga. Ngati jinja alipo asendedwe, asinjidwe, awiritsidwe m'madzi a shugawo kwa mphindi 5, kenaka asefedwe. Madziwa asiyidwe kuti azizire ali ovundikira. Shuga wosungunula motere amasakanikirana bwino ndipo satsalira pansi pa ndowa.

Chachiwiri, zipatso zitsukidwe ndi madzi abwino zisanadulidwe, chifukwa mpeni umatenga litsiro la pa khoko n'kulilowetsa m'kati. Zipatso zowola, zankhungu kapena zong'ambika zitayidwe. Chipatso chikakunkhunizidwa pathebulo ndi chikhatho chisanadulidwe chimatulutsa madzi ambiri.

Chachitatu, zipatso zidulidwe pakati, zifinyidwe, ndipo madzi ake asefedwe kuchotsa njere. Njere zikaphwanyika zimawawitsa chakumwa. Ntchito imeneyi ichitike m'mawa wa tsiku lomwelo, pakuti vitamini C amawonongeka ndi kutentha, mpweya ndi kuwala kwa dzuwa. Pa chifukwa chomwechi madzi a zipatso asawiritsidwe ndipo asathiridwe m'madzi otentha. Wofinyayo akatha asambenso m'manja, chifukwa madzi a ndimu akaumira pakhungu, munthu n'kukhala padzuwa, khungu limatha kupsa n'kuchita matuza.

Chachinayi, madzi a zipatso, madzi a shuga ndi madzi ozizira aja asakanizidwe m'ndowa yoyera, ivundikiridwe, n'kuikidwa pamthunzi. Soda asathiridwe pa nthawi imeneyi.

Chachisanu, alendo atakhala pansi ndipo makapu atakonzeka, wokonza athire lita imodzi ya chakumwa mu jagi yaikulu yosadzaza, awonjezere theka la sipuni yaing'ono ya soda, atakase kamodzi kapena kawiri, n'kugawira makapu 4 nthawi yomweyo. Achite chimodzimodzi ndi lita iliyonse yotsatira. Thovu limakwera msanga ndipo limatha pa mphindi zowerengeka. Amene amathira soda yense m'ndowa alendo asanafike amapeza mpweya wonse utathawa.

Soda akachuluka chakumwa chimamveka ngati sopo kapena mchere, kuwawasa kumatheratu, ndipo vitamini C amawonongeka msanga, monga zimachitikira ndi ndiwo zamasamba zothira soda wambiri. Chakumwa chokonzedwa bwino chimakhalabe chowawasa pang'ono. Amene angathe kugula madzi a soda a m'botolo, osathira shuga, angathe kuwagwiritsa ntchito m'malo mwa madzi owiritsa ndi soda wophikira. Botolo litsekulidwe pa nthawi yogawa, ndipo madziwo athiridwe pang'onopang'ono pa madzi a zipatso ali kale m'kapu.

KAGAWIDWE

Ntchito yonse yowiritsa madzi imatha kupita pachabe pa nthawi yogawa. Kapu imene munthu wamwera ikaviikidwa m'ndowa, malovu ake ndi litsiro la zala zake zimalowa m'chakumwa cha anthu onse. Pakhale munthu mmodzi wogawa, wosamba m'manja, wotunga ndi chikho kapena kapu ya chigwiriro chachitali imene palibe akumwera. Ndowa ya mpopi ndi chivundikiro imaposa zonse. Aliyense amwere kapu yakeyake. Makapu akachepa, atsukidwe ndi sopo ndi madzi abwino asanaperekedwe kwa ena, osati kungowatsukuluza m'beseni limodzi la madzi amene ada kale. Ndowa ikhale yovundikira nthawi zonse, pakuti ntchentche zimakonda shuga ndipo zimachokera kuchimbudzi ndi kudzala.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Chakumwachi nachonso sichikhalitsa. Chimene chatsala alendo atabalalika chisasungidwe kufikira mawa pokhapokha ngati pali firiji, chifukwa pamalo otentha chimayamba kusasa.

AMENE AYENERA KUSAMALA

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Asapatsidwe chakumwachi, ngakhale madzi. Mwana wamng'ono amene wayamba kudya angathe kupatsidwa tizigawo ta lalanje kapena nachesi tochotsa njere m'malo mwa chakumwa chothira shuga ndi soda.

Mwana kapena wamkulu amene akutsekula m'mimba asapatsidwe chakumwachi ngati mankhwala. Zakumwa za shuga wambiri zimatha kuwonjezera kutsekulako. Iye afunika ORS wosungunula m'madzi abwino monga mwa malangizo a pa paketi, ndipo mwana apitirize kuyamwa ndi kudya. Chimbudzi chikakhala chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, kapena chikakhala ndi magazi, wodwalayo apite naye kuchipatala msanga, akumwa ORS panjira.

Anthu odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, a mtima kapena a impso adziwe kuti soda wophikira ali ndi sodiyamu, yemwenso ali mu mchere wa ndiwo. Kapu imodzi yokonzedwa ndi muyeso wa pamwambapa ili ndi mamiligalamu pafupifupi 160 a sodiyamu, pamene WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 patsiku, kuwerengera zakudya zonse. Oterewa atapiridwe chakumwa chawo soda asanathiridwe. Amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku afunse kuchipatala asanamwe madzi a manyumwa, pakuti chipatso chimenechi chimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala ena, kuphatikizapo ena a kuthamanga kwa magazi.

Odwala matenda a shuga atapiridwe chawo shuga asanalowe, ndipo amwe pang'ono chifukwa madzi a malalanje ali ndi shuga wakewake. Kwa anthu ena onse, malangizo a WHO a m'chaka cha 2015 amanena kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, pamodzi ndi wa m'madzi a zipatso, asapitirire masipuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo n'kwabwino koposa akakhala 6. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zambiri zogula lili ndi masipuni 7 kapena 8. Kapu ya chakumwa cha pakhomochi ili ndi sipuni imodzi ndi theka ya shuga wothira, kuwonjezera pa wa m'zipatso. Shuga ndi asidi zonse zimawononga mano, choncho chakumwachi chimwedwe pamodzi ndi chakudya, osati kumangopsontha tsiku lonse, ndipo ana atsukuluze m'kamwa ndi madzi abwino akatha kumwa.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA SIKELO NDI M'MAGULU

1. Kodi thovu la ndimu ndi soda limasiyana bwanji ndi thovu la thobwa logonera?
2. N'chifukwa chiyani madzi ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini ngakhale chakumwa chili ndi mandimu?
3. Ndi ziwiya ziti zimene siziyenera kusungiramo chakumwa chowawasa?
4. Kodi soda wophikira angasiyanitsidwe bwanji ndi soda wopangira sopo?
5. Pa phwando la m'mudzi, ndani ayenera kutunga m'ndowa, ndipo atunge ndi chiyani?

Banja limene likufuna klorini, kapena limene likukayika za madzi a pachitsime chake, lionane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake tsiku la phwando lisanafike.